Elephant Marsh: chifukwa chake madzi osefukira amafunika malo awoawo

Tiyambe ndi funso loti mukasinkhesinkhe pa buleki. Chikwawa ndi Nsanje ndi ena mwa maboma otentha kwambiri m'Malawi muno. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumatha kupitirira madigiri 40, ndipo mvula imene imagwa kumeneko ndi yochepa poyerekeza ndi ya ku Thyolo kapena ku Mulanje. Koma mukamva pa wailesi kuti madzi asefukira, maina oyamba kutchulidwa ndi omwewo: Makhanga, Bangula, Chiromo, Nchalo. Zikutheka bwanji kuti dera la mvula yochepa likhale lomira chaka ndi chaka? Nanga n'chifukwa chiyani madzi akangophwa anthu amabwerera komweko, makasu ali paphewa?

Mayankho a mafunso awiriwa ali m'dambo lalikulu lotchedwa Elephant Marsh. Mukalimvetsa dambo limeneli, ndiye kuti mwamvetsa mutu wonse wa m'kalasi wa madambo ndi zigwa zosefukira madzi, zimene m'mabuku anu a Chingerezi amazitcha wetlands ndi floodplains.

Madziwa ndi ochokera kumtunda

Mtsinje wa Shire ndi wokhawo umene umatulutsa madzi m'Nyanja ya Malawi. Nyanjayo ili pamtunda wa mamita pafupifupi 474 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Shire akadutsa Liwonde amayamba kutsetsereka mwaliwiro m'mathithi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo n'chifukwa chake makina opukusa magetsi anawamanga kumeneko. Akangodutsa Kapichira, malo amasanduka see! ngati bwalo la mpira. Malo otsika kwambiri m'dziko muno ali ku Nsanje, pamene Shire amatulukira kulowa ku Mozambique, ndipo ali pamamita 37 okha.

Chigwachi chili ngati beseni. Kum'mawa kuli mapiri a Thyolo, kumadzulo kuli zitunda zakumalire ndi Mozambique. Mvula yogwa ku Blantyre, Thyolo, Mwanza, Neno ndi Mulanje imatsikira m'beseni lomweli kudzera m'mitsinje ngati Mwanza, Likhubula, Thangadzi ndi Ruo. Ndiye munthu wa ku Makhanga akhoza kudzuka kunja kuli dzuwa, koma madzi ali pakhomo. Mvulayo inagwa dzana kuphiri la Mulanje, kumene malo ena amalandira mamilimita oposa 2,000 pachaka.

Madzi othamanga akafika pamalo athyathyathya amachepetsa liwiro. Akachuluka kuposa mmene khwawa lingawanyamulire, amatayikira m'mbali. Malo amene amatayikirawo ndiwo chigwa chosefukira. Pamene madziwo amakhalitsa miyezi yambiri kapena chaka chonse, mpaka zomera zake n'kukhala zokonda madzi monga bango, gumbwa ndi mlulu, pamenepo ndiye padambo.

Dambo la njovu lopanda njovu

Elephant Marsh ili pakati pa Chikwawa ndi Chiromo, ndipo imakhudza maboma onse awiri. Kumunsi kwake, kupitirira boma la Nsanje, kuli dambo linanso la Ndindi. Dzina la Chingerezilo linachokera kwa David Livingstone, amene anadutsa pa Shire mu 1859 n'kulemba kuti anaona njovu pafupifupi 800 m'dambomo. Alenje a minyanga anazitha zonse. Lero ukafuna kuona njovu m'chigwachi uyenera kupita ku Majete, kumene anachita kuzibweretsa kuchokera kwina bungwe la African Parks litayamba kusamalira nkhalangoyo mu 2003. Zotsala m'dambomo ndi mvuu, ng'ona, nsomba ndi mbalame zam'madzi zoposa 20,000, kuphatikizapo akakowa ndi nkhwazi.

Mu 2017 dambo limeneli linalowa m'kaundula wa madambo ofunika padziko lonse, pansi pa pangano la Ramsar. Panganolo analisainira mu 1971 mumzinda wa Ramsar ku Iran, ndipo n'chifukwa chake pa 2 Febuluwale chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira tsiku la madambo. Elephant Marsh ndi malo achiwiri m'Malawi kulowa m'kaundulayu, oyamba anali Nyanja ya Chilwa. Malo amene analembedwawo ndi mahekitala 61,556, kapena tinene kuti mabwalo a mpira oposa 80,000.

Tichite kasamu pang'ono

Anthu amati dambo lili ngati chinkhupule: limamwa madzi akachuluka, n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Tiyeni tione kukula kwa chinkhupule chimenechi.

Hekitala imodzi ndi masikweya mita 10,000. Madzi akakwera mita imodzi pahekitalayo, ndiye kuti pali makiyubiki mita 10,000, omwe ndi malita 10 miliyoni. Chulukitsani ndi mahekitala 61,556. Mupeza makiyubiki mita oposa 615 miliyoni. Tikawatungira m'zidebe za malita 20, zikwana zidebe zoposa 30 biliyoni. Titagawana tonse a Malawi, tiyerekeze kuti tilipo 20 miliyoni, aliyense atenga zidebe zoposa 1,500. Apatu tangowerengera mita imodzi yokha.

Madzi onsewo akanapanda kupeza pokhala, akanapita kuti? Akanathamangira kumunsi nthawi imodzi, ku Bangula, ku Tengani, ku Nsanje boma. Dambo limawagwira kaye. Bango ndi gumbwa zimawatchinga ngati mmene chigulu cha anthu pamsika chimachedwetsera munthu wothamanga. Zotsatira zake n'zakuti madzi amene akanadutsa m'masiku awiri amadutsa m'masabata angapo, ndipo msinkhu wake kumunsi umatsika.

Pali chinthu chinanso chochititsa chidwi chimene chimachitika pa Chiromo, pamene Ruo amathira mu Shire. Ruo ndi mtsinje waufupi koma waukali, chifukwa umatsetsereka kuchokera kuphiri la Mulanje. Ukadzaza umafika ndi mphamvu moti umatseka njira ya Shire ngati chitseko. Madzi a Shire amayamba kuunjikana, ena mpaka kubwerera chakumtunda, n'kudzaza Elephant Marsh. Mphamvu ya madzi a pamenepa si yamasewera. Mu 1997 anakokolola njanji pafupi ndi Chiromo, ndipo kuyambira pamenepo sitima zinaleka kuwoloka pakati pa Makhanga ndi Bangula.

Komabe tisanamizane. Chinkhupule chilichonse chimafika pokhuta. Mu Januwale 2015 madzi anasowetsa pokhala anthu oposa 200,000 m'dziko muno, ambiri mwa iwo a m'chigwachi. Mu 2019 kunabwera mvula ya namondwe wa Idai. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Ambiri a inu mukukumbukira kuwerenga ndi tochi nthawi imene ija. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anasamutsa anthu oposa 600,000 m'chigawo chakumwera. Mvula yoteroyo palibe dambo limene lingaimwe yonse. Dambo limachepetsa ngozi, silithetsa.

Kalendala ya dambo

Tsopano funso lachiwiri lija: bwanji anthu amabwerera?

Chifukwa madzi osefukira sabwera chimanjamanja. Madzi othamanga amanyamula dothi. Akayamba kufooka amatula katundu wawo motsatana: mchenga wolemera umagwa koyamba pafupi ndi khwawa, ndipo dothi losalala limapita patali n'kukhazikika pamene madzi adekha. Dothi losalalalo ndi lachonde kwambiri. Madzi akamaphwa kuyambira cha mu Epulo, amasiya nthaka yonyowa, yothiridwa kale manyowa. Alimi amatsatira madziwo m'mbuyo, kubzala chimanga, mbatata, nyemba, maungu ndi ndiwo zamasamba. Umenewu ndiwo ulimi wa kudimba. Kumunda wakumtunda mapira kapena chimanga zikapsa ndi dzuwa, banja limapulumukira kudimba. Ng'ombe ndi mbuzi nazo, zimene Chikwawa ndi Nsanje amatchuka nazo, zimapeza msipu wobiriwira m'mphepete mwa dambo pamene kwina konse kwauma gwaa.

Nsomba nazo zimayendera kalendala yomweyo. Mlamba umadikira mvula yoyamba. Madzi akangokwera n'kumiza udzu, umalowa m'malo osaya n'kuikira mazira pa udzuwo. Tiana take timakulira mmenemo chifukwa muli chakudya chambiri komanso pobisalira. Mphende imachita zosiyana: yaimuna imakumba kachisa pansi pamadzi osaya, ndipo yaikazi imasunga mazira ndi tiana m'kamwa mpaka titakhwima. Zonsezi zimafuna madzi otayikira m'mbali. Chaka chimene madzi sanasefukire mokwanira, asodzi amadziwiratu kuti maukonde ndi miono zidzapepuka.

Ngakhale pa njala dambo limakhala nkhokwe yomaliza. Mwina munamvapo za nyika, timizu ta maluwa a m'madzi timene anthu a ku Nsanje amakazula pa bwato chakudya chikasowa. Ndi ntchito yoika moyo pachiswe chifukwa cha ng'ona, koma yapulumutsa mabanja ambiri. Onjezani bango la mphasa ndi mipanda, udzu wofolera, ndi madzi olowa pansi amene amadzatuluka m'zitsime ndi m'mijigo.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Chimene chimapatsa dambo moyo ndi kukwera ndi kutsika kwa madzi. Madzi atangokhala pamwamba chaka chonse, dimba palibe. Atasiyiratu kukwera, nsomba ndi chonde palibe.

Mbiri ikuchitira umboni. Cha m'ma 1915 Nyanja ya Malawi inatsika kwambiri moti Shire analeka kutulutsa madzi kwa zaka pafupifupi 20. Mbali yaikulu ya dambo inauma ndipo anthu analowamo n'kutsegula minda. Nyanjayo itakweranso m'zaka za m'ma 1930, madzi anabwerera n'kumiza minda yonse ija. Katswiri wa mbiri Elias Mandala analemba za mmene zimenezi zinasokonezera ulimi wa Amang'anja ndi Asena a m'chigwachi. Akuluakulu sananame pamene anati madzi saiwala khwawa.

Chikudwalitsa dambo n'chiyani?

Choyamba ndi mchenga, ndipo gwero lake lili kutali ndi dambolo. Mukamatsika pa Thabwa kuchokera ku Blantyre, onani mapiri ometedwa mpala ndi matumba a makala m'mbali mwa msewu. Phiri la mitengo limagwira mvula: masamba amafewetsa madontho, mizu imatsegula njira zoti madzi alowe pansi. Phiri lopanda kanthu limataya madzi onse nthawi imodzi, pamodzi ndi dothi. Dothi lochepa losalala ndi mphatso kwa mlimi wa kudimba, koma mchenga wambiri ndi tsoka. Umakwirira mbewu, umadzaza maiwe a nsomba, ndipo umakweza pansi pa mtsinje. Mtsinje wa Mwanza ndi chitsanzo chodziwika: khwawa lake ladzaza mchenga moti madzi sachedwa kutayikira m'midzi ndi pamsewu wa M1. Mtsinje wodzaza mchenga uli ngati mbale imene mwaikamo kale nsima theka. Madzi ochepa okha, yasefukira.

Chachiwiri ndi kulima mpaka pamlomo pa mtsinje. Anthu akuchuluka, malo sakukula. Bango likatenthedwa kuti papezeke munda, gombe limatsala lopanda chogwira, ndipo madzi akabwera amaligumula mosavuta. Mlimi amapindula mizere khumi chaka chino, chaka chamawa mtsinje n'kumulanda makumi awiri.

Chachitatu ndi kasodzedwe. Neti ya udzudzu ikalowa m'madzi imakokolola chilichonse, ngakhale tiana tosakwana chala. Mphende yaikazi imodzi yogwidwa ili ndi ana m'kamwa ndi nsomba mazana zotayika.

Chachinayi ndi namasupuni, chomera chamaluwa okongola chochokera ku South America. Chimaswana mofulumira n'kuphimba madzi ngati bulangeti. Kuwala sikulowa, mpweya wa okosijeni umachepa, bwato limakanika kudutsa. Njira imodzi imene akatswiri anagwiritsa ntchito pa Shire ndi kubweretsa tianankafumbwe timene timadya chomera chokhachi basi.

Pamwamba pa zonsezi pali kusintha kwa nyengo. Mpweya wotentha umasunga chinyezi chambiri, choncho mvula ikati igwe imagwa yochuluka pa nthawi yochepa.

Kusamala si kuthamangitsa anthu

Ena akamva mawu oti kuteteza zachilengedwe amaganiza za mpanda wa waya ndi alonda a mfuti ngati ku Lengwe kapena ku Majete. Pangano la Ramsar silinena zimenezo. Mfundo yake ndi kugwiritsa ntchito dambo mwanzeru: anthu asodze, alime, adule bango, koma mosapha gwero la zinthuzo. Ku Elephant Marsh palibenso njira ina, chifukwa anthu masauzande ambiri amadya za m'dambomo.

Kumtunda, ntchito ndi yochedwetsa madzi: kulima mizere yopingasa potsata akalozera, kubzala udzu wa vetiva, kutseka zigwembe, ndi kusiya zitsa kuti ziphukire m'malo mozizula. Pulogalamu ya Shire River Basin Management, imene inayamba mu 2012 ndi thandizo la World Bank, inagwira ntchito zotere, inakonzanso Kamuzu Barrage ya ku Liwonde imene imawongolera madzi a Shire kuyambira 1965, komanso inalipirira kafukufuku wa Elephant Marsh.

M'dambo mwenimwenimo, ntchito ndi yogwirizana malamulo. Makomiti a asodzi a m'madoko, pamodzi ndi mafumu ndi a nthambi ya zausodzi, amaletsa maukonde a maso ang'onoang'ono ndi kupatula malo oswanirana nsomba. Alimi amasiya kamzere ka bango ndi mitengo m'mphepete mwa mtsinje. Zomveka zophweka, eti? Koma taganizani kuti ndinu kholo, ana agona ndi njala, ndipo neti ya udzudzu ili pomwepo. Lamulo limagwira ntchito pokhapokha anthu akaona kuti aliyense akulitsata ndipo phindu lake likuwafika.

Pali mafunso ena ovuta amene ngakhale akatswiri amakangana. Limodzi ndi la zipupa zotchinga madzi, zimene ambiri amangoti madayiki. Chipupa chimateteza mudzi, sukulu kapena chipatala, ndipo pamalo otero n'chofunikadi. Koma madzi amene mwawatchinga sasowa, amangopita kwa mnansi wa tsidya lina kapena wakumunsi. Mukatchinga mtsinje wonse mbali zonse ziwiri, mwapha dimba ndi nsomba, ndipo tsiku limene chipupacho chidzagumuke madzi adzapeza anthu atagona mosatekeseka.

Lina ndi la ulimi wothirira. Pulogalamu ya Shire Valley Transformation ikukumba ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira yoti idzathirire mahekitala oposa 40,000 m'maboma awiriwa. Kudera la chilala chotere, chimenechi ndi chiyembekezo chachikulu. Koma madzi olowa m'ngalande ndi omwewo amene akanafika m'dambo m'chilimwe, monganso amene amathirira nzimbe ku Nchalo. Ndiye pamafunika kuyeza mosamala kuti mtsinje utsale ndi madzi okwanira. N'chifukwa chake kusamalira Elephant Marsh kunaikidwa ngati gawo la pulogalamuyo.

Lovuta kwambiri ndi la kusamuka. Kwa zaka zambiri boma lakhala likupempha anthu a m'madera ngati kwa Nyachikadza ku Nsanje kuti asamukire kumtunda. Ambiri akhala akukana. Wokhala m'tauni amafulumira kunena kuti ndi makani. Koma mwaona kale masamu awo: kumunsi kuli chonde, nsomba ndi zokolola kawiri pachaka, pamene kumtunda kuli nthaka youma ya eni ake. Mbali inayo nayonso ndi yoona: kumunsi kuli ng'ona, mvuu zodya mbewu, malungo, likodzo, ndi madzi amene amapha. Njira imene mabanja ena amatsata ndi ya pakati: nyumba yokhazikika, sukulu ndi nkhokwe kumtunda, dimba ndi kachisakasa kumunsi. Njirayi imayenda bwino ngati malo akumtundawo alipodi, ndiponso ngati uthenga wochenjeza ukufika msanga. Munthu wowerenga msinkhu wa Ruo kumtunda akaimba foni, anthu a ku Makhanga amapeza maola othawira.

Yesani nokha

Simufunika labu. Pezani mabotolo awiri apulasitiki a malita awiri, muwadule m'litali kuti akhale ngati timabwato, kukamwa kwa botolo kukhale potulukira madzi. M'botolo loyamba ikani dothi lokhalokha. M'lachiwiri ikani chigamba cha kapinga chokumbidwa ndi mizu yake ndi dothi lake. Apendeketseni mofanana pa njerwa, ndipo pakamwa pa lililonse ikani kapu yoonekera mkati. Thirani madzi ofanana pang'onopang'ono, mnzanu akuwerenga masekondi.

Lembani zinthu zitatu: madzi ayamba kutuluka patatha masekondi angati, atuluka ochuluka bwanji, ndipo ndi amtundu wanji. Kenako tengani kapu ya madzi amatopewo, muigwedeze, muisiye usiku wonse. M'mawa muona mchenga pansi, dothi losalala pamwamba pake. Mmenemo ndi mmene Shire amasanjira katundu wake m'chigwa.

Mukamaliza, kambiranani funso ili m'kalabu yanu ya sayansi kapena ya zachilengedwe. Tiyerekeze kuti ndinu a khonsolo ya Nsanje, ndipo ndalama zilipo zokwanira chinthu chimodzi chokha: kumanga chipupa choteteza msika ndi sukulu, kugula malo akumtunda oti mabanja asamukireko, kapena kubwezeretsa mitengo m'mapiri a boma lina kumene mchenga ukuchokera. Musankha chiti? Ndani apindule, ndani adandaule, ndipo phindulo lioneka patatha zaka zingati? Amene mumakhala ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kafunseninso agogo kuti madzi a 1997 kapena a 2015 anafika pati m'mudzi mwanu, muyerekeze ndi pamene nyumba zamangidwa lero. Mutiuze zimene mwapeza.